Kwathu ku Kafue, Pakati pa Mtsinje ndi Mseu

Munthu wocoka ku Lusaka kupita ku Mazabuka, ku Livingstone, ku Siavonga kapena ku Chirundu sangalephere kupyola pa Kafue, pakuti onsewa amaolokera pa ulalo umodzi. Basi ikatsika zitunda za ku Shimabala mpweya umayamba kufunda, apaulendo amavula majuzi ao, ndipo patsogolo pamaoneka macumuni a mafakitale ndi cigwa cacikulu cobiriwira. Posacedwa basi ija yafika pamtsinje. Ena asuzumira madzi pa zenera, ena agula nsomba kwa amai ogulitsa m'mbali mwa mseu, ndipo ikangooloka, Kafue waiwalika. Ambiri mwa inu, owerenga okondedwa, mumaidziwa tauni yathu mwa njira imeneyi cabe. Mwezi uno tikupemphani kuti mutsike basiyo, mukhale nafe pang'ono, tikuonetseni mmene tikhalira ife amene timagona m'mbali mwa mtsinje koma cakudya cathu timakacifuna ku mzinda waukulu.

Pamene pali tauni yathu

Kafue ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. Pa mapu mtundawu uoneka waufupi, koma malo awiriwa ndi osiyana ndithu. Lusaka anamangidwa pa citunda camiyala copanda mtsinje waukulu, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere. Kafue ali m'munsi, kutsika mamita ngati 300. N'cifukwa cake m'mwezi wa October, pamene a ku Lusaka ayamba kudandaula kuti kwatentha, ife kuno timakhala titaiwala kale kumene tinaika mabulangete, ndipo udzudzu wathu ndi wochuka pakati pa alendo onse amene anagonapo kuno.

Mtsinje umene unapatsa tauni dzina ndi wa Zambia yekha, pakuti uyambira m'dziko muno ndipo uthera m'dziko momwemuno. Gwero lake lili kumpoto, pafupi ndi malire a Congo. Umapyola m'cigawo ca migodi, pafupi ndi Chingola ndi Kitwe, nulowa m'nkhalango ya nyama ya Kafue National Park, mpaka kufika pa damu la Itezhi-Tezhi limene linatha kumangidwa mu 1977. Pocoka pamenepo umalunjika kum'mawa ndi kuyenda mwaulesi m'dambo lalikulu la Kafue Flats, la makilomita oposa 200 m'litali, kumene Aila ndi Atonga amadyetsa ng'ombe zao ndi kumene minda ya nzimbe ya ku Nakambala imamwa. Tauni yathu ili pamene dambo lithera ndi mapiri ayambira. Kumunsi kwathu madzi aja, amene anali kuyenda ngati nkhalamba, amalowa m'mpata wa mapiri wa Kafue Gorge ndi kutsika mwaukali mamita oposa 500 asanakathire mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Ulendo wonsewo ndi wa makilomita pafupifupi 1,600.

Mmene Kafue anakhalira tauni

Cinayambitsa tauni ino ndi njanji. Azungu omanga njanji yocoka ku Livingstone kupita ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, atafika pamtsinje anafunika poolokera, ndipo mu 1906 anamaliza ulalo wacitsulo wa zigawo 13, wa mamita 427 m'litali, umene unali wautali koposa maulalo onse a njanji ya m'maiko ano. Pambali pa siteshoni panamera masitolo ocepa ndi misasa ya asodzi. Mu 1918 amishoni a Methodist anatsegula sukulu ya anyamata kufupi ndi mtsinje, imene lero tiidziwa ndi dzina la Kafue Boys. A Harry Mwaanga Nkumbula, mmodzi wa atsogoleri omenyera ufulu wa dziko lino, anaphunzira pamenepo. Ulalo wa magalimoto unabwera mu 1949, ndipo zitsulo zake zinacokera kutali, pakuti zinayamba zatumikira pa mtsinje wa Thames ku London m'nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Umene tiolokerapo lero unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, nutsegulidwa mu 1993.

Koma Kafue wa mafakitale ndi mwana wa ufulu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo azungu a ku Rhodesia atapandukira Britain mu 1965, boma la a Kenneth Kaunda linaona kuti n'koopsa kudalira katundu wodzera kumwera. Linafuna malo a madzi ambiri, a njanji, a mseu ndiponso a pafupi ndi magetsi, ndipo zonsezi zinapezeka pano. Mu 1970 fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza wa alimi ndi mankhwala ophulitsira miyala m'migodi. Pa nyengo yomweyo Kafue Textiles inayamba kuomba nsalu ndi thonje la alimi athu, ndipo panalinso fakitale yofufuta zikopa ndi ina yopanga yisiti. Anchito anawamangira mudzi watsopano wa Kafue Estates, wa miseu yowongoka, masukulu, msika ndi mabwalo a mpira.

Ife amene tinali ana m'zaka za m'ma 1980 tikumbukira tauni imene munthu anali kugwira nchito kumene agona. Atate anali kupita ku nchito pa njinga kapena wapansi, ndipo ena anali kubwera kudzadya nsima ya masana kunyumba. Mwana akacita mwano pamseu m'mawa, pofika madzulo nkhani inali itafika kale kwa atate ake, pakuti mboni ya mwanowo ndi atatewo anali kugwira pa makina amodzi. Anthu anacokera m'zigawo zonse: Asoli, Atonga a kutsidya, Alozi, Abemba, ndi ife a kum'mawa, ndipo Cinyanja ndico cinakhala cinenero cokumanirana pamsika.

Nyengo itasintha

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Boma latsopano limene linalowa mu 1991 linatsegula malire a malonda, ndipo mu 1992 linakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma. Salaula anadzaza misika pa mtengo umene nsalu ya kwathu sikanatha kulimbana nao, feteleza wa kunja analowa, ndipo makina akale anasowa ndalama zowakonzera. Fakitale ya nsalu inafooka pang'onopang'ono mpaka inatsekedwa. Ya feteleza ikali ndi moyo, koma anchito ake ndi ocepa poyerekeza ndi masiku aja. Mabanja ambiri anadziwa kwa nthawi yoyamba kuwawa kwa kudikira ndalama zopumira pa nchito caka ndi caka.

Zinthu ziwiri zinathandiza kuti tauni isafe. Coyamba, kuyambira mu 1996 boma linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za makampani ake kwa anthu okhalamo, motero ambiri amene nchito inawathera anatsala ndi denga. Ena anabwerera kumudzi nasiya nyumba pa lendi. Ena anagawa zipinda nalandira anthu a lendi. Caciwiri, kampani ya mabasi ya boma ya UBZ itatha mu 1995, maminibasi a anthu wamba anaculuka pamseu, ndipo kupita ku Lusaka m'mawa ndi kubwerako madzulo kunakhala cinthu cotheka tsiku ndi tsiku.

Pa nthawi yomweyo Lusaka anali kufufuma. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo lendi ya nyumba yabwino kumeneko imadya gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi kapena kalaliki. Anthu otere anayamba kuyang'ana kuno, kumene nyumba ndi yochipirapo ndipo puloti ipezeka. Kumene kale tinali kukumba mbewa lero kuli nyumba za mabuloko ndi malata owala. Motero pamseu tili a mitundu iwiri: ana a anchito akale a m'mafakitale, amene anabadwira kuno koma nchito anaipeza ku mzinda, ndi anchito a mu mzinda amene anabwera kuno kudzafuna pogona. Fakitale ya zitsulo imene inamangidwa m'zaka za m'ma 2000 inalemba ena, mafamu ndi masitolo alemba ena, koma ambiri maso ao ali kumpoto.

Tsiku la wapaulendo

Tambala woyamba akalira, m'nyumba zambiri za ku Estates, ku Shikoswe, ku Nangongwe ndi ku Zambia Compound mbaula zayaka kale ndipo madzi osamba ali pamoto. Pofika 5 koloko anthu ali pamseu mu mdima, ang'wang'wazi akuitanira basi iliyonse ngati kuti ndiyo yotsiriza. Mukwera aphunzitsi, anamwino, makalaliki a m'maofesi a boma, anyamata omanga nyumba ndi zipangizo zao, ophunzira a m'makoleji, ndi amai onyamula madengu a nsomba, tomato ndi repu kupita ku msika wa Soweto. Amene ali ndi galimoto yake amanyamula anansi anai kuti athandizane mtengo wa mafuta.

Gawo loyamba la ulendo liyenda bwino. Basi ikwera zitunda, iima pa geti yolipirira mseu ya ku Shimabala imene inatsegulidwa mu 2017, nipyola Chilanga, kumene kuli Munda Wanga ndi fakitale yakale ya simenti imene inathandiza kumanga damu la Kariba. Mavuto ayambira pa Makeni. Ngakhale kuti mu 2020 anamangapo ulalo wa magalimoto wodutsa pamwamba, makilomita otsiriza kufika pa Kafue Roundabout nthawi zina atenga nthawi yofanana ndi ulendo wonse wa m'mbuyo. Pa mseu womwewo payenda malole akuluakulu ocokera ku Chirundu ndi ku Kazungula, opita ku migodi ndi ku Congo, ndipo ndi ocepa mabanja kuno amene sadziwa munthu amene anavulala kapena kutaya moyo pa mseu umenewu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 90 pa tsiku. Pa masiku 22 a nchito pamwezi, akwana makilomita 1,980. Ndiye kuti mlongo wathu wogwira nchito mu ofesi ku Cairo Road amayenda, mwezi uliwonse, mtunda woposa utali wa mtsinje wonse wa Kafue, kucokera ku gwero mpaka ku mathiriro. Ngati ulendo umdyera maola atatu pa tsiku, monga ucitira kwa ambiri, pamwezi atha maola 66 ali pa mpando wa basi, pafupifupi masiku atatu athunthu, usana ndi usiku. Ndalama imene anapulumutsa pa lendi, gawo lina amalibweza m'manja mwa kondakita, ndipo mafuta akakwera mtengo, cimacepa ndi ndiwo za ana.

Komabe tisanene zoipa zokhazokha. M'basi ya m'mamawa muli mudzi wakewake. Nkhope ndi zomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo wina akasowa masiku awiri anzake amafunsa ngati kunyumba kuli bwino. M'menemo ndimo mumveka za maliro, za nchito imene yatuluka, za nyumba ya lendi imene yatsala yopanda munthu. Zilimba zingapo zinabadwira m'menemo, ndi maukwati omwe. Ndiponso pobwerera madzulo, basi ikafika pa citunda cotsiriza ndipo nyali za Kafue zaoneka m'munsi, phokoso la mu mzinda limacoka m'mutu. Munthu amatsika namva fungo la madzi ndi kulira kwa acule, nadziwa kuti wafika kwao.

Zimene mtsinje utumiza ku mzinda

Si anthu okha amene amakwera citunda ca ku Lusaka. Popeza mzindawo ulibe mtsinje, madzi ake amacokera m'zitsime zakuya zobooledwa ndi makina, ndipo ena amacokera kuno. Pa Iolanda, m'mbali mwa mtsinje, pali makina otunga ndi kuyeretsa madzi, ndipo mipope ikuluikulu imawatenga kukwera nao mamita 300 aja usana ndi usiku. Mai wa mu Lusaka akatsegula mpope kuti atsuke mbale, kawirikawiri ndi mtsinje wathu umene uli m'manja mwake.

Magetsi naonso ndi otero. Kumunsi kwa tauni, m'mpata wa mapiri uja, nyumba ya magetsi ya Kafue Gorge inayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo yaciwiri, ya Kafue Gorge Lower, ya mphamvu ya mamegawati 750, inatsirizidwa mu 2023. Nthambo zake zimanka ku mzinda ndi ku migodi. Cilala ca mu 2024, cimene boma linacilengeza m'mwezi wa February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatiphunzitsa kuti zonsezi zidalira mvula. Madzi atacepa m'madamu, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, ku Lusaka ndi kuno komwe. Wapaulendo anali kucoka m'nyumba ya mdima ndi kubwerera m'nyumba ya mdima, ndipo owocherera zitsulo ndi a zigayo anali kudzuka pakati pa usiku kuti agwire nchito pa maola ocepa amene magetsi abwera.

Pali cinthu cimodzi cimene cimawawa mtima wa munthu wa kuno. M'makomboni ena, pa mtunda wosakwana ola limodzi wapansi kucokera ku mtsinje, amai akali kudzuka usiku kukaima pa mzere wa madzi, kapena kutunga m'zitsime zosazama zimene nthawi ya dzinja zimasakanizika ndi zonyansa za m'zimbudzi. Kolera wa mu 2023 ndi 2024, amene anacititsa kuti bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka lisanduke cipatala, anatikumbutsa kuti matenda naonso amadziwa kukwera basi.

Moyo wa pamtsinje

Mlendo amaganiza kuti munthu wa ku Kafue amaona mtsinje tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, ambiri a ife apaulendo timatha mwezi wathunthu osauona, pakuti mseu wa ku nchito uloza kumpoto ndipo mtsinje uli kumwera. Amene audziwa bwino ndi asodzi. Pitani ku doko la ku Chanyanya m'mamawa mukaone mabwato akufika, amai ogula nsomba atamanga zitenje m'ciuno, akunenerera mtengo m'zinenero zitatu kapena zinai. Mukapeza nsomba ya bream imene Kafue achuka nayo, milamba, ndi tinsomba tating'ono toyanika. Kuyambira pa 1 December kufika kumapeto kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi itatu imeneyo ndi yowawa m'nyumba za asodzi. Ena amaphwanya lamulo, ena amakoka ndi maneti a udzudzu amene anapatsidwa kuti ateteze ana ao ku malungo, natenga ndi tiana ta nsomba tomwe. Akuluakulu a pa doko amanena poyera kuti nsomba za masiku ano ndi zazing'ono ndiponso zocepa.

Mtsinje uli ndi ukali wake: mvuu zimagubuduza mabwato ndi kudya cimanga ca m'madimba, ng'ona zimagwira ocapa ndi ana osamba. Koma mabala aakulu ndi amene ife anthu taupatsa. M'zaka za m'ma 1990 udzu woyandama wa maluwa okongola, umene unachedwa Kafue weed, unaphimba madzi pafupi ndi maulalo kotero kuti bwato linali kulephera kupyola. Unanenepa ndi zonyansa za m'mafakitale, za m'zimbudzi ndi feteleza wokokoloka m'minda. Pambuyo pake munalowa nkhanu zacilendo za ku Australia zochedwa crayfish, zimene zimadya nsomba zokodwa m'maukonde ndi kuononga maukondewo, ngakhale kuti anyamata ena apezerapo malonda. Ndipo mu February 2025 damu la zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa m'mtsinje wa Mwambashi umene uthira mu Kafue. Nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Ngoziyo inacitika kutali kumtunda, koma mantha ake anafika mpaka pa misika ya kuno, pamene ambiri anaopa kugula nsomba. Wokhala kumunsi amamwa zimene wa kumtunda wataya, ndipo tisaiwale kuti ifenso tili ndi anzathu kumunsi, a ku Chiawa, amene amalandira zimene titaya ife.

M'nyumba zotsala

Tsopano tifike pa nkhani imene yatilembetsa zonsezi. Mabasi a m'mamawa akacoka, m'madera ambiri mutsala ana, nkhalamba, atsikana anchito ndi anyamata osowa nchito. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadzuka makolo atapita, nagona asanabwere, kapena amawaona atatopa kotero kuti sangathe ngakhale kutsegula buku lake la sukulu. Kuyambira Lolemba kufika pa Cisanu amaleredwa ndi agogo ngati alipo, kapena ndi mtsikana wanchito amene iye mwini akali mwana, kapena ndi wailesi ya kanema ndi lamya ya m'manja. Aphunzitsi a kuno amadandaula kuti pa msonkhano wa makolo pamabwera azakhali ndi anansi. Maliro akagwa pakati pa sabata, okumba manda ndi ophika ndi omwewo nthawi zonse, pakuti ena onse ali ku mzinda ndipo atumiza cipepeso pa lamya. Ngakhale misonkhano ya mphakati m'madera ena inasamukira Lamulungu masana cifukwa ca mseu.

Sitikuweruza munthu. Makolo amenewa akuyenda cifukwa ca ana omwewo, kuti adye, avale ndi kuphunzira. Koma pali ngozi imene imabwera mwakacetecete, yakuti munthu amayamba kukhala ngati mlendo kumene agona. Sadziwa dzina la khansala wa dera lake, sadziwa mwana wa mnansi, ndipo ngalande ya pakhomo ikatsekeka ayembekeza kuti wina adzaitsegula. Ku Lusaka nakonso ndi mlendo, pakuti 17 koloko ikakwana mtima uli kale pa basi. Akulu anati mlendo ndi mame. Tauni imene anthu ake onse ndi mame siingakhale ndi woisamala, ndipo mtsinje wake ukadwala sungapeze wounenera.

Tikuona mabanja ena amene apeza nzeru. Alipo atate amene anapangana ndi ana ao kuti nsima ya madzulo idzadikira kufikira onse atakhala pamodzi, ngakhale ikhale 20 koloko, ndipo pa nthawi imeneyo lamya siloledwa. Alipo amai a mumseu umodzi amene amasinthana: amene ali pa chuthi, kapena wogwira nchito konkuno, amayang'anira ana a onse akaweruka ku sukulu, pokumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Alipo acinyamata amene sabata yonse ali m'mabasi koma pa Ciweru amaphunzitsa ana mpira. Paja Patson Daka, amene anafika ku Leicester City mu 2021, anakulira pa mabwalo afumbi a kuno ndi timu ya Kafue Celtic, cifukwa panali akulu amene anapatula nthawi yao kuyang'anira ana a eni.

Kwa inu amene mufuna kusamukira kuno

Abale ambiri a ku Lusaka amatifunsa ngati n'kwanzeru kubwera kudzakhala ku Kafue. Yankho lathu ndi lakuti bwerani, koma muyambe mwakhala pansi awiri, bambo ndi mai, muwerengere. Pa lendi ya kuno muonjezepo ndalama za basi za mwezi wonse, ndipo pambali mulembe maola amene mseu udzakulandani. Mufunsane kuti pa maola amenewo ana adzakhala ndi yani. Ngati mufuna puloti, mudzaione m'mwezi wa February, mvula ili pakati, pakuti malo ena a m'munsi amene aoneka okoma mu August amasanduka dambo. Mufunse anansi kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata, mapepala a malo muwatsimikize ku khonsolo musanapereke ndalama, ndipo neti ya udzudzu ikhale katundu woyamba kumasulidwa.

Mukafika, musabwere kudzagona cabe. Ana muwalembetse pa sukulu ya kuno, ndiwo muzigula pa msika wa kuno, dzina lanu mulilembetse kuti muziponya voti konkuno, kuti polankhula za madzi, za ngalande ndi za mtsinje mau anu akhale ndi mphamvu. Pa maliro a mnansi muonekere ndi thupi, ngakhale ukhale usiku umodzi. Ndipo ife okhala kale tili ndi udindo wathu: wobwera tisamuone ngati wodzatilanda malo, koma timlonjere, timuuze kumene kuli cipatala ndi kumene ng'ona zimabisala.

Tili ndi pempho kwa atsogoleri athu. Njanji ya mu 1906 ikali pamalo pake, ndipo ifika pakati penipeni pa Lusaka, koma sitima ya anthu imapita mwa apo ndi apo, ndipo wogwira nchito sangaidalire. Tsiku limene padzakhala sitima yonyamuka m'mawa ndi kubwera madzulo pa nthawi yake, mabanja a kuno adzabwezeredwa maola ambiri amene lero athera pa Makeni.

Podikira tsiku limenelo, pali cinthu caching'ono cimene banja lililonse lingacite popanda kulipira. Kamodzi pamwezi, pa Ciweru kapena Lamulungu madzulo, tengani ana mupite nao ku mtsinje. Muime patali ndi madzi, muwaonetse ulalo wa njanji, muwauze kumene madziwo acokera ndi kumene apita, ndi kuti anthu a mu mzinda umene atate ndi amai agwirako nchito amamwa omwewo. Anawo adzakula, ndipo ambiri a iwo adzakwera basi ya 5 koloko monga ife. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo mwana amene anaima pa gombe ndi makolo ake adzadziwa kuyankha akadzafunsidwa kuti kwao ndi kuti.